Za Jab We Met, Geet ndi miyezi 9 imene anasowa

Nangondo

Abale anga a pagulu pano, ndabwera ndi nkhani ya Jab We Met, filimu ya Chihindi ya mu 2007 ija ya Shahid Kapoor ndi Kareena Kapoor. Ambiri akamaitchula amangokamba za mtsikana wolongolola wa m'sitima, kuseka kwake, zovala zake ndi nyimbo zovina. Ine ndikuti chimene chaisunga filimuyi mpaka lero ndi gawo lachiwiri, pamene Geet uja wasiya kulankhula. Mutachotsa gawo limenelo, ingatsale filimu yosangalatsa basi, yoti pakutha pa sabata waiwala.

Kwa amene simunaione, nkhani yake ili motere. Aditya ndi mnyamata wa ku Mumbai, mwana wa munthu wachuma. Bambo ake anamwalira, mayi ake anachoka pabanja kutsata mwamuna wina, kampani ikugwa, ndipo mkazi amene ankamukonda akukwatiwa ndi wina. Atuluka paukwatipo osalankhula ndi munthu, asiya galimoto ndi foni, akwera sitima yausiku osadziwa n'komwe kumene ikupita. M'menemo ndi mmene akumana ndi Geet, mtsikana wa chipembedzo cha Chisikhi wa ku Bhatinda m'chigawo cha Punjab, amene pakamwa pake sipatsekeka. Chifukwa cha Aditya, Geet asiyidwa ndi sitima, ndiye amukakamiza kuti amuperekeze mpaka kwawo. Atafika, athawa nayenso usiku kupita ku Manali, kumapiri, kumene kuli chibwenzi chake Anshuman. Aditya amusiya kumeneko n'kubwerera ku Mumbai atasinthiratu, moyo utabwerera m'thupi. Patapita miyezi 9 ndi pamene amva kuti Geet sanabwererenso kwawo, kuti Anshuman anamukana. Akamupeza ku Shimla akuphunzitsa ana pasukulu, ali wofooka, wosaseka, wosafuna kuonana ndi aliyense.

Ndikufuna ndimve maganizo anu, makamaka inu akuluakulu.

Bambo a Tadala

Achemwali, mwatsegula nkhani yabwino. Ndiyambe ndi mmene inapangidwira, chifukwa zimathandiza kumvetsa chimene imasiyanirana ndi zinzake za nthawi imeneyo.

Amene analemba nkhaniyi ndi kuitsogolera ndi Imtiaz Ali, wokulira ku Jamshedpur, ndipo iyi inali filimu yake yachiwiri chabe. Yoyamba, Socha Na Tha ya mu 2005, amene anaiona anaiyamikira koma ndalama sinabweretse. Ndiye sanali munthu woti akagogoda pakampani yaikulu amutsegulira msanga. Mwiniwake wakhala akunena kuti nkhaniyi inakanidwa m'malo ambiri isanapeze woikapo ndalama. Poyamba ankafuna kuti Aditya akhale Bobby Deol, koma zinthu zinachedwa mpaka mwayi unagwera Shahid Kapoor, ndipo patapita zaka Bobby Deol ananena poyera kuti zinamuwawa. Ndalama anaika ndi Dhilin Mehta kudzera ku kampani ya Shree Ashtavinayak Cine Vision, pafupifupi marupi 150 miliyoni. Ku Mumbai nthawi imeneyo imeneyi inali filimu yapakatikati, osati yaikulu.

Ngakhale dzina lenilenilo sanasankhe okha. Anapereka mayina atatu kwa anthu kuti avotere, Punjab Mail, Ishq Via Bhatinda ndi Jab We Met, ndipo linapambana lachitatuli.

Tamanda

Anti Nangondo, pepani koma apa sindikugwirizana nanu. Gawo loyamba ndiye filimu yeniyeniyo. Atsikana a ku India sanakonde Geet chifukwa choti analira ku Shimla. Anamukonda chifukwa ndi mtsikana amene amadzikonda yekha popanda manyazi, amanena zimene akufuna, ndipo amati akalakwitsa adziwe kuti walakwitsa yekha, asadzaloze munthu chala. Mafilimu ambiri akale mtsikana amangodikira kuti abambo ake kapena mwamuna amusankhire. Uyu ayi. Mpaka kavalidwe kake, tisheti yaitali ndi buluku lotaya la Patiala, atsikana anakatengera. Pa mphoto zotchuka za mafilimu a Chihindi, Kareena Kapoor analandira mphoto ya Filmfare ya wosewera wamkazi wopambana chifukwa cha Geet ameneyu, wa m'sitimayu.

Mayi Nachisale

Mwanangu Tamanda, ndakumva. Koma ine ndinaionera filimuyi ndi maso a kholo, ndipo pali chinthu chimene chinandikhala pakhosi.

Mwanayu anathawa usiku panyumba podzaza anthu omukonda. Agogo ake, amalume ake, azakhali, onse anamulandira ndi nyimbo atafika. Iye n'kusowa miyezi 9 osatumiza ngakhale kalata, osaimba ngakhale foni ya mphindi imodzi kunena kuti ndili moyo. Inu amene simunabereke simungadziwe usiku wa mayi amene mwana wake wamkazi wasowa. Sugona. Ukamva galimoto panja umadzuka. Filimuyi imatiseketsa, imativinitsa, koma misozi ya mayi ake a Geet imangodutsa pang'ono ngati nkhani yaing'ono. Pamapeto onse akumulandiranso ndi maluwa ngati palibe chinachitika. Kumoyo weniweni bala lotere silipola choncho.

Sindikuti akanakwatiwa ndi Manjeet amene anamukonzera kwawo. Ukwati wokakamiza ndimadana nawo. Koma pakati pa kukakamizidwa ndi kusowa pali njira ina, ndipo mwanayu sanaiyese n'komwe.

Nangondo

Mayi, mfundo yanuyo ndi imene ikundilimbikitsa pa zimene ndanena. Geet sanaimbe foni chifukwa cha manyazi. Pothawa ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akakwatirana ndi Anshuman, abwerera limodzi, agwada pamaso pa akuluakulu ndipo amukhululukira. Mapulani ake onse anali pa munthu mmodzi. Munthuyo atamukana, analibe nkhope yobwerera nayo. Amene anauza aliyense kuti akudziwa chimene akuchita, abwerere bwanji chimanjamanja? Ndiye anadzilanga yekha. Ndi chifukwa chake ndikuti Imtiaz Ali sanamusiye Geet kuti adutse osalipira. Anamulipiritsa zowawa kwambiri.

Ndipo Tamanda, mphoto ija sanampatse chifukwa cha kulongolola kokha. Kulongolola ambiri angathe. Taonanso nkhope yake pamene Aditya wamupeza ku Shimla. Munthu yemweyo, maso omwewo, koma nyali yazima. Amayankha mawu amodziamodzi, kuyenda kwake kwasintha, mpaka zovala zasanduka zotuwa. Kusewera anthu awiri m'thupi limodzi, owonera n'kukhulupirira onse awiri, pamenepo ndiye pali luso.

Yamikani wa ku Joni

Moni nonse. Ine ndikufuna tikambeko za Aditya, chifukwa aliyense amathamangira kwa Geet.

Mphindi zoyambirira za filimuyi mnyamatayu salankhula chilichonse. Akungoyenda, akuvula tayi, akusiya zinthu zake m'njira. Ali m'sitima muja aima pakhomo, sitima ikuthamanga, ndipo aliyense woonera amadziwa chimene akuganiza. Geet amudukiza osadziwa kuti wapulumutsa munthu. Filimu ya nthabwala ndi chikondi kuyamba ndi mwamuna amene watopa ndi moyo, zimenezo zinandigwira mtima. Ife amuna timaphunzitsidwa kuti mwamuna salira, ndipo kuno kutali ndi kwathu ndaona anzathu akuvutika mumtima mwakachetechete, ntchito ikatha kapena banja likasokonekera kumudzi, osauza munthu. Aditya ali ndi ndalama zambiri koma alibe womuuza zakukhosi.

Chimene ndimayamikira n'chakuti Geet sakumupatsa uphungu wa m'mabuku. Akumuuza kuti atenthe chithunzi cha mkazi uja n'kuchitaya m'chimbudzi. Zachibwana, koma zikugwira ntchito, chifukwa kwa nthawi yoyamba munthuyu wachitapo kanthu pa ululu wake m'malo mongoumeza. Shahid Kapoor anasewera modekha kwambiri, magalasi m'maso, mawu ochepa. Mphoto ya Filmfare ya wosewera wamwamuna wopambana chaka chimenecho inapita kwa Shah Rukh Khan, koma ine ndimaona kuti popanda kufatsa kwa Shahid, phokoso la Geet likanatitopetsa theka la ola lisanathe.

Aphunzitsi a ku Kasungu

Achimwene a ku Joni mwalasa. Ndiwonjezere pa kalembedwe, poti ndi kumene ine ndimayang'ana kwambiri.

Nkhaniyi inamangidwa moti chilichonse cha m'gawo loyamba chikubwereranso m'gawo lachiwiri, koma anthu atasinthana malo. Koyamba Geet akulankhula, Aditya ali duu. Kenako Aditya ndiye akulankhula, Geet ali duu. Koyamba Geet akumuphunzitsa kutentha chithunzi. Kenako Aditya akumugwiritsa foni kuti aimbire Anshuman ndi kumukhuthulira mkwiyo wonse umene anausunga miyezi 9. Koyamba Geet akukakamiza Aditya kuti amuperekeze kwawo. Kenako Aditya ndiye akumukakamiza kubwerera kwawo komweko. Palibe chimene chinaikidwa mwangozi. Imtiaz Ali analandira mphoto ya Filmfare ya mawu olankhulidwa m'filimu, ndipo inamuyenera. Aarti Bajaj, amene anadula ndi kulumikiza zithunzi, nayenso ntchito yake ikuoneka, makamaka pa ulendo wochoka pamene sitima yawasiya mpaka kufika ku Bhatinda. Ulendo wautali koma sutopetsa.

Koma nkhani imene ine imandivuta, ndipo ndikufuna Mayi Nachisale ayankhepo, ndi ya mayi ake a Aditya. Mnyamatayu akudana ndi mayi ake chifukwa anasiya banja. Geet akumuuza kuti mayiwo anali m'chikondi, ndipo munthu akakonda sipakhala kulakwa kapena kukhoza. Aditya abwerera ku Mumbai, akhululukira mayi ake, awabwezeranso udindo pakampani. Ine kukhululukako ndikugwirizana nako. Koma chiphunzitso choti chikondi chimafufuta mlandu uliwonse sindingachiphunzitse ana anga. Ndipo taonani, chiphunzitso chomwecho ndi chimene chinamugwetsa Geet ku Manali.

Mayi Nachisale

Aphunzitsi, mwafunsa bwino. Mwana kukhululukira mayi ake ndi chinthu choyenera, mayi ndi mayi. Komanso ife sitinauzidwe zimene mayiwo ankakumana nazo m'banjamo. Alipo amayi ambiri amene amapirira zinthu zoti ana awo sadzazidziwa mpaka kalekale. Ndiye sindiwaweruza. Koma mawu a Geet aja ndi mawu a mwana amene moyo sunamumenye. Akanawanena atabwerako ku Shimla, ndikanawamvera mwina. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, ndipo ndikukhulupirira kuti m'chipinda chake chija ku Shimla anakumbukira zambiri zimene anauzidwa kwawo.

Chimene ndinakonda ine ndi agogo ake a Geet aja. Maso akuthwa, akungoyang'ana Geet ndi Aditya n'kunena kuti iwo amadziwa zimene zili pakati pa mnyamata ndi mtsikana pongowaona. Onse akukana, koma pamapeto pake agogo ndi amene ananena zoona.

Bambo a Tadala

Mayi, agogo amenewo ndi Dara Singh, munthu wamkulu kwambiri ku India. Asanalowe m'mafilimu anali katswiri wa masewera ogwetsana, ndipo anthu a kumeneko amamukumbukiranso ngati Hanuman, mmodzi wa milungu ya Ahindu, m'sewero la pa TV la Ramayan la m'ma 1980. Anamwalira mu 2012. Kumuika iyeyo kukhala mutu wa banja la Chipunjabi kunali kusankha mwanzeru, chifukwa owonera ankamulemekeza kale asanatsegule pakamwa.

Mlamu wa ku Chipata

Alamu anga, mwakamba zambiri koma nyimbo mwazisiya kumbuyo. Filimu ya Chihindi ikatuluka, nyimbo zimakhala zitayamba kale kumveka pawailesi ndi pa TV, ndipo ndi zimene zimakokera anthu ku nyumba zoonetsera mafilimu. Zambiri za mu Jab We Met anapeka ndi Pritam, mawu analemba Irshad Kamil. Yeh Ishq Hai, imene Geet akuvina atafika kumapiri, inatenga mphoto ziwiri za boma la India: Shreya Ghoshal pa kuimba, ndi Saroj Khan pa kukonza mavinidwe. Anajambulira kufupi ndi Manali, mpaka ku Rohtang Pass, malo okwera pafupifupi mamita 4,000, kozizira koopsa.

Koma imene imagwirizana ndi mfundo ya achemwali Nangondo ndi Aaoge Jab Tum. Imeneyi sanapeke Pritam, anapeka Sandesh Shandilya, ndipo anaimba ndi Ustad Rashid Khan, katswiri wa nyimbo zachikale za kumpoto kwa India amene sankaimbaimba m'mafilimu. Anamwalira mu Januwale 2024. Nyimboyi ndi imene ikutionetsa zimene zinamuchitikira Geet atakanidwa, popanda munthu kufotokoza. Kope limene ine ndinayamba kuona linali la m'vidiyo sho, lomasuliridwa m'chinenero chathu, ndipo womasulirayo anaidula nyimboyi poganiza kuti ikuchedwetsa nkhani. Nditadzaona filimu yathunthu ndinapeza kuti anachotsa mtima weniweni wa gawo lachiwiri. Amene munaionera kope lotere, fufuzani lathunthu lokhala ndi mawu olembedwa m'munsi.

Tamanda

Ankolo a ku Chipata zikomo, nyimbo imeneyo ndiimveranso.

Koma ndibwerere kwa Mayi Nachisale, mwaulemu. Mwati pali njira ina imene Geet sanaiyese. Kodi panyumba paja akanati agogo, ndili ndi chibwenzi changa, si wa chipembedzo chathu, akanamumvera? Anshuman sanali Msikhi, ndipo Geet ankadziwa kuti chimenecho chokha chitseka nkhani. Atangofika anapeza atamukonzera kale mwamuna. Banja lija ndi lachikondi, inde, koma chikondi chake n'choti iwe uzichita zimene ife tagwirizana. Mwana akamaopa kunena zoona panyumba, mlandu si wa mwana yekha.

Ndiye pali za pa siteshoni ya Ratlam zija. Mtsikana wasiyidwa ndi sitima usiku, apita kwa mkulu wa pasiteshoni kukapempha thandizo, ndipo mkuluyo m'malo mothandiza ayamba kumulalikira kuti mtsikana woyenda yekha amadziitanira mavuto. Atuluka panja, amuna amuzungulira. Palibe amene akudzudzula amunawo, wolakwa ndi iyeyo chifukwa ali yekha. Aliyense wa ife atsikana amene anagonapo pa depoti basi itamusiya akudziwa mantha amenewo. Geet akumuyankha mkulu uja molimba mtima, ndipo ine pamenepo ndi pamene ndinamukondera.

Nangondo

Za Ratlam ndikugwirizana nawe kwathunthu, Tamanda. Ndipo pomwepo pali chimene sindichikonda m'filimuyi. Angochoka pa zoopsa zimenezo, nkhani ikulowa mu hotela imene Geet ndi Aditya akugona usiku umenewo ndipo nthabwala zake n'zokhudza kugwiririra ndi kuganiziridwa kuti mtsikanayu ndi woyendayenda. Mu 2007 anthu anaseka. Ine lero sindiseka bwinobwino pamenepo. Filimu ndimaikonda, koma malo amenewo anakalamba moipa.

Yamikani wa ku Joni

Funso kwa Bambo a Tadala. Kodi n'zoona kuti Shahid ndi Kareena anathetsa chibwenzi chawo akujambula filimu yomweyi? Chifukwa ukamaonera sungadziwe.

Bambo a Tadala

N'zoona achimwene. Shahid Kapoor ndi Kareena Kapoor anali pachibwenzi kwa zaka zingapo, ndipo anali atasewera kale limodzi mu Fida mu 2004, kenako 36 China Town ndi Chup Chup Ke mu 2006. Chibwenzi chinatha mu 2007, ntchito ya Jab We Met isanathe. Nyuzipepala za kumeneko zinalemba kwambiri, ena mpaka kumati n'zongopeka pofuna kutsatsa filimu. Sizinali zopeka. Koma onse awiri anamaliza ntchito yawo mwaulemu, ndipo zifukwa zake ndi zawo, ife tisalowemo.

Chimene chimandichititsa chidwi ine ndi china. Kareena wanenapo yekha kuti Shahid ndi amene anamulimbikitsa kuti avomere kusewera Geet, ndipo kuti nthawi imeneyo mtima wake unali pa filimu ina, Tashan, ya kampani yaikulu ya Yash Raj Films, imene ankajambula nthawi yomweyo. Ankaona ngati imeneyo ndi imene idzasinthe moyo wake pa ntchito. Tashan inatuluka mu 2008 ndipo sinachite bwino, ngakhale kuti ndi kumene chikondi chake ndi Saif Ali Khan chinayambira, amene anakwatirana naye mu 2012. Filimu imene ankaiona ngati yaing'ono ndi imene anthu amamudziwira mpaka lero. Kareena, mdzukulu wa katswiri wakale wa mafilimu Raj Kapoor, wasewera mafilimu ambirimbiri kuyambira mu 2000, koma ukatchula dzina lake anthu amayamba kukumbukira Geet.

Za katulutsidwe kake nazonso n'zofunika. Inatuluka pa 26 Okutobala 2007. Patangotha masabata awiri, pa 9 Novembala, nyengo ya chikondwerero cha Diwali, kunatuluka zimphona ziwiri tsiku limodzi: Om Shanti Om ya Shah Rukh Khan, mmene Deepika Padukone anayambira mafilimu a Chihindi, ndi Saawariya ya Sanjay Leela Bhansali, yoyamba ya Ranbir Kapoor, msuweni wake wa Kareena. Dziko lonse linkangokamba za ziwirizi. Jab We Met inali ngati kaokala kotsegulidwa pakati pa masitolo awiri akuluakulu. Masiku oyamba sinadzaze anthu kwambiri, koma amene anaiona ankauza anzawo, anzawo n'kuuzanso ena. Zimphona zija zitafika, iyo sinachotsedwe. Saawariya inagwa, Om Shanti Om inapanga ndalama zambiri, ndipo Jab We Met inapitirira kuonetsedwa mpaka kupeza pafupifupi marupi 500 miliyoni padziko lonse, kuposa katatu ndalama zimene anaikapo. Kenako ma DVD ndi TV zinaifikitsa m'nyumba za anthu, mpaka kwa ife kuno.

Aphunzitsi a ku Kasungu

Zikomo bambo, mwatitsegula maso. Ine ndikufuna ndinene pamene ndimaona kuti filimuyi ndi yofooka, chifukwa tikangoyamikira zokhazokha sitikuilemekeza.

Anshuman sanalembedwe bwino. Geet ndi mtsikana wanzeru, wamoyo, ndiye timayembekezera kuti munthu amene anamusiyira banja lonse akhale ndi kanthu kena kotikopa nafenso. Koma tikamuona, ndi munthu wozizira, wodzikonda, wamantha. Kuyambira mphindi yoyamba tikudziwa kuti sangapambane. Wolemba anadzipeputsira ntchito pamenepo. Akanamupanga kukhala munthu wabwino amene anangochita mantha, kusankha kwa Geet kumapeto kukanakhala kolemera kwambiri. Mmene zilili, gawo lomaliza ku Bhatinda, pamene Geet, Aditya ndi Anshuman abwerera limodzi n'kumabisira abale zoti chibwenzi cha Geet ndi ndani, likusanduka nthabwala zomuseka Anshuman, ndipo limatalika.

Tamanda

Aphunzitsi, ine ndimaona mosiyana. Anshuman ndi wozizira chifukwa Geet sanakonde munthu weniweniyo, anakonda chithunzi chimene anadzijambulira m'mutu. Ankakonza ukwati, nyumba ya kumapiri, zonse yekha, osamufunsa mwiniwake ngati akufuna. Anshuman akunena yekha kuti iye sanalonjeze zimenezo. Zimachitika kwambiri. Ndili ndi anzanga amene anakonda anthu oti ife tonse tinkadabwa kuti akuwaonamo chiyani. Ndiye kwa ine kufooka kwa Anshuman ndi mbali ya nkhaniyo.

Aphunzitsi a ku Kasungu

Mfundo yako ndi yomveka, mwana wanga, koma ikufotokoza chifukwa chake Geet anamukonda. Sikufotokoza chifukwa chake, atamukana n'kumusiya miyezi 9 osamufunafuna, Geet akuvomeranso kubwerera naye atangopepesa kamodzi. Pamenepo ndimaona dzanja la wolemba likukankha nkhani kuti ifike pa mapeto amene akufuna.

Nangondo

Aphunzitsi, pamenepo ndiloleni ndimuikire kumbuyo wolembayo. Munthu amene wataya banja, ulemu ndi chimwemwe chifukwa cha chinthu chimodzi, chinthucho chikabwera amachilandira, ngakhale mtima utachoka kale. Akachikana ndiye kuti wavomereza kuti zonse zija anavutikira pachabe. Geet sakubwerera kwa Anshuman chifukwa cha chikondi, akubwerera kuti kuvutika kwake kukhale ndi tanthauzo. Ndipo Aditya, ngakhale akumukonda, ndi amene akumulimbikitsa kutero, chifukwa akuganiza kuti ndi zimene mtsikanayu akufuna. Samunyengerera, samugwiritsa ntchito kufooka kwake, samukumbutsa zabwino zimene wamuchitira. M'mafilimu ambiri a Chihindi mnyamata amalondola mtsikana mpaka atatopa n'kuvomera. Uyu akumuperekeza kwa mwamuna wina kawiri konse.

Ndiye kumapeto kuja, Geet akamva kulira kwa sitima n'kuyamba kuthamangira kwa Aditya, ndi nthawi yoyamba imene akusankha ndi maso otsegula. Koyamba kuja anathamangira maloto. Apa akuthamangira munthu amene wamuona pa nthawi yabwino ndi yoipa yomwe. Popanda Shimla, kuthamanga kumeneku sikukanasiyana ndi koyamba kuja.

Mayi Nachisale

Mwana wanga Nangondo, za Aditya ndikuvomereza. Mnyamata wotere ndingamulandire pakhomo panga. Anapita kukamufuna mtsikanayu chifukwa analonjeza makolo ake, anapirira kunyozedwa pa mlandu woti sanapalamule, poti abale ankaganiza kuti Geet ali ndi iyeyo, ndipo anamubweza kwawo. Iyeyo ndi amene anaganizira makolo, osati mwana wawo.

Tamanda, zimene wanena zoti mwana akamaopa kulankhula panyumba mlandu si wake yekha, ndazisunga. Ndili ndi ana aakazi ndipo ndiziganizira. Koma pa nkhani ya foni ija sindisuntha. Manyazi sakuposa mtima wa mayi.

Mlamu wa ku Chipata

Kuti muone mmene inakhazikikira: mu 2009 anaipanganso m'Chitamil, dzina lake Kanden Kadhalai, ndipo Tamannaah ndi amene anatenga malo a Kareena. Mu Febuluwale 2023, sabata ya Valentine, anaibwezeranso m'nyumba zoonetsera mafilimu ku India, patatha zaka zoposa 15, ndipo mavidiyo anafalikira pa intaneti a achinyamata akuvina kutsogolo kwa sikirini nyimbo yomaliza ija ikulira. Ambiri a iwo anali ana aang'ono pamene inkatuluka koyamba.

Imtiaz Ali wapanga mafilimu ena ambiri a anthu okumana paulendo. Mu 2017 anatulutsa Jab Harry Met Sejal, ya Shah Rukh Khan ndi Anushka Sharma, ndalama zambiri, kujambula m'mizinda ya ku Ulaya, koma anthu sanailandire. Ndalama zinalipo, koma munalibe munthu woti umudere nkhawa mmene timamuderera Geet.

Yamikani wa ku Joni

Ndipo Shahid ndi Kareena anadzapezekanso m'filimu imodzi, Udta Punjab ya mu 2016, yokamba za mankhwala osokoneza bongo, koma sanaonekere limodzi pa chithunzi chilichonse. Imeneyo ndi yolemera, si yoonera ndi ana.

Bambo a Tadala, ngati muli ndi kope lathunthu la Jab We Met lokhala ndi mawu a Chingerezi m'munsi, tiuzeni kumene munalipeza movomerezeka. Akazi anga anaonera lodulidwa lija, ndipo pa mkangano wa Mayi Nachisale ndi Tamanda ali mbali ya Mayi. Ndikufuna aone nyimbo ya Rashid Khan ija kaye, kenako ndidzawafunsenso.